Matebulo Amene Ndinawasiya

Pulazi yathu ya kufupi ndi Marondera itagulidwa, mwini watsopano anandiitana, poti wa kompyuta pano ndine ndekha. Munthuyo amayankhula ngati kombi ikumusiya.

"Tawina, mu detabesi yakaleyo mungotenga mapulosija ndi mafankishoni, muwaike mu kompyuta yatsopano. Matebulo asiyeni, ndi zinyalala zokhazokha."

Mapulosijawo ndi malamulo amene amauza kompyuta nthawi yothirira, kapena moto woyenera m'mabalani a fodya. Matebulo ndiwo amasunga zolembedwa zonse. Ntchito yake inali ya mzere umodzi: tenga malamulo, zolembedwa siya. Fayilo inatuluka yaying'ono, yaudongo, mpaka ndinadzitama nayo. Lachisanu seva yakale, kompyuta yaikulu imene inkasunga zonsezo, anaifufuta n'kukaigulitsa ku Harare. Sindinatseguleko tebulo ngakhale limodzi kuti ndione zinyalalazo. Safunsa anadya phula.

Lachiwiri kunabwera bambo Gilbert, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anabadwira mu komboni momwemuno, makolo awo ochokera ku Tete, ndipo afika zaka sikisite alibe chitupa.

"Maswera sei, mwanangu? Ku ofesi ya zitupa akuti ndibweretse tsamba la papurazi losonyeza kuti ndinabadwira pano. Akangoliona, basi, zatheka."

"Buku la kukiliniki ya papulazi, lolembamo ana obadwa, lili kuti, baba?"

"Linadyedwa ndi chiswe kalekale. Koma madamu a mwini wakale aja anayamba alikopera mu kompyuta yanuyo. Ndinaona ndi maso angawa."

Ndinachita manyazi, ndipo zoona zake zinandikanika kutuluka pakamwa. M'malo mwake ndinatsegula kompyuta yatsopano ija. Pulosija yofufuza ana obadwira papulazi inalimo, ndinaisamutsa ndekha osalakwitsa kanthu. Ndinalemba dzina lawo. Inagwira ntchito yake bwinobwino, n'kundibwezera tsamba loyera.

"Yati chiyani?"

"Sinakupezeni, baba."

Anapotokola chipewa m'manja. Kenako anakokera mpando pafupi, ngati akufuna kundithandiza.

"Musadandaule, mwanangu. Ine ndinali kakhanda, mwina anandidumpha. Yesani amayi anga, Maria. Iwo anathyola fodya pano zaka makumi atatu, manda awo ali kuseri kwa damu. Amenewo sangasowe."

Ndinalemba dzinalo pang'onopang'ono, misozi ikulengeza, ndikudziwa chimene chituluke. Iwo anaweramira pa kompyuta, akudikira.