Bolodi la Amayi Aakulu

Masiku ano sukulu ya kwathu, kufupi ndi tauni ya Navrongo, ndi ya njerwa za simenti, yopakidwa penti wachikasu ngati sukulu ina iliyonse ya boma. Ndikamadutsa sinditembenuka n'komwe. Sukulu imene ndimaisowa ine inali ya dothi, ndipo inkanunkhira ndowe ndi madzi a makoko a mtengo wa dawadawa mpaka mvula yoyamba itagwa.

Chaka chimene ndikunenachi n'kuti nditamaliza kalasi ya faifi, ndipo sukulu yathu inkathera pomwepo. Wofuna sikisi ankayenera kupita kutauni, kutsidya kwa mtsinje. Bambo anangonena kamodzi, uku akukhomera khasu mumpini, kuti mwana wamkazi sawoloka mtsinje chifukwa cha choko. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe, chifukwa sukulu ndinkaikonda, ndipo ndinkadziwa kuti chotsatira ndi mtsuko pamutu, kenako ukwati.

Aphunzitsi athu, a Wedam, ndi amene anabwera ndi kachiyembekezo. Anati boma lavomera kutipatsa mphunzitsi wa sikisi ngati mudzi utamanga wokha chipinda chokhala ndi denga, chitseko ndi bolodi, ndipo woyendera sukulu adzabwera kudzaona chilimwe chisanathe. Bambo atamva anati ngati sikisiyo ili pakhomo pompano, palibe mlandu, ndidzapita.

Mudzi wonse unadzuka. Amuna anaponda dothi n'kuumba makoma, zitoliro zikulira, mowa wa pito ukuyenda m'zikho. Ena ankagwira ntchito, ena ankangoloza ndi chala, koma pakumwa onse anali akhama. Denga litakwera, amuna anasamba m'manja n'kubwerera pansi pa mtengo wawo. Kwathu mwamuna amaumba khoma, koma kulimata ndi kulikongoletsa ndi kwa akazi, ndipo pa ntchito imeneyo panalibe wofika pa amayi aakulu, a Kapuri.

A Kapuri anali mkazi woyamba wa bambo. Amayi anga anali achiwiri, ndipo awiriwa ankapatsana moni ngati anthu obwerekana moto basi. Ana a a Kapuri anali aamuna okhaokha, choncho za sukulu ya atsikana ankaziona ngati zocheza. Ine ankanditchula kuti Adona a Choko. Ndikapsereza ndiwo, ankafunsa ngati zimenezo zinalembedwa m'buku. Ndinkawaopa, ndipo kunena zoona sindinkawakonda.

Koma mukanawaona pakhoma. Akazi anasakaniza dothi ndi ndowe, n'kumata ndi manja akuimba nyimbo zonyoza amuna awo. Kenako a Kapuri ankadutsa ndi nthenga ya nkhanga, kujambula ng'ona, nsato ndi zidutswa za chikho, enawo n'kumadzaza zofiira, zoyera ndi zakuda. Pomaliza aliyense ankatenga mwala wake wosalala wakumtsinje, n'kukulungiza khoma mpaka liwale, kenako n'kuliwaza madzi owiritsa makoko a dawadawa kuti mvula izingotsetserekapo. Ife ana tinkatunga madzi ndi kudya mtedza wa eni ake.

A Wedam analemba ndi kamtengo malo a bolodi pakhoma lakutsogolo. Anati pamenepo pakhale pakuda, posalala, popanda ng'ona ngakhale imodzi. Atatero anakwera njinga kupita kutauni kukatenga choko.

A Kapuri anati malo amene maso onse azidzayang'ana sangagwire wina. Anapaka mwala wakuda wosinja bwino, n'kutulutsa mwala wawo wokulungizira umene anawasiyira amayi awo. Anakulungiza kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka, thukuta kamukamu, osalola munthu kuwalandira. Madzi a dawadawa anawaza kangapo, pouma n'kubwerezanso. Bolodi linatuluka lonyezimira moti munthu ankadziona nkhope. Akazi a midzi ina anabwera kudzaona, ndipo onse anavomereza kuti a Kapuri sanapangepo khoma loposa limeneli.

Aphunzitsi atabwerako, anthu anadzaza m'chipindamo kudzaona chilembo choyamba. A Wedam anakweza choko, n'kukoka mzere. Choko chinangolira kuti tswii, osasiya kanthu. Anayesa pakona, anayesa pakati, anasintha choko, koma chinkangoterereka ngati phazi pamatope. Anthu anaseka, wina n'kunena kuti choko cha boma n'chaulesi ngati eni ake. A Wedam sanaseke nawo. Anafotokoza mofatsa kuti choko chimafuna pokhakhala kuti chigwire, ndiye bolodilo liyenera kupalidwa ndi mwala waukali.

Kwathu khoma limene mkazi walimaliza ndi mwala wake ndi lake. Wina amalipala pokhapokha mwini wake atamwalira. A Wedam anali mwana wa m'dera lomweli ndipo ankazidziwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ndiye kuti ndafa, aphunzitsi?" anafunsa a Kapuri. "Bwanji simunandiuze ndikadzilire ndekha?"

Anatola mwala wawo n'kutuluka.

Woyendera sukulu ankabwera mkuja. Kumata bolodi lina kukanafuna masiku kuti liume, ndipo makoma ena onse anali owala chimodzimodzi. Amuna anakambirana pansi pa mtengo mpaka pito kutha, n'kugwirizana kuti nkhani ya makoma ndi ya akazi. Akazi anati mwini khoma alipo, ali moyo. Bambo anati iwo sangayambitse nkhondo m'nyumba mwawo chifukwa cha bolodi. Amayi anga anangondiuza kuti nditseke pakamwa, poti mkazi wamng'ono akalankhulapo anthu adzati ndi nsanje. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo sikisi yanga inkapita ndikuona.

M'mawa mwake ananditumiza kumadzi. Ndinabisa m'mtsuko chibenthu cha mphero yakale, n'kukhotera kusukulu. Ndinaima patsogolo pa bolodi, mwala uli m'manja, nkhope yanga ikundiyang'ana kuchokera m'khomamo. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Mudzi wonse ukanati Wepia, mwana wa mkazi wamng'ono, waika m'manda amayi ake aakulu ali moyo, ndipo dzina limenelo likananditsata mpaka ku ukwati. Komabe ndinakweza dzanja.

"Adona a Choko."

A Kapuri anali ataima pakhomo, nsalu itafundidwa paphewa. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kuyambira tsiku limene analimaliza, m'mawa uliwonse ankabwera okha kudzaliyang'ana bolodilo.

"Maliro anga mwakonza liti? Mowa mwafulula kale?"

Misozi inangoyamba yokha, ndipo ndinati, "Amayi, ine ndikufuna sikisi basi."

Kenako anayandikira n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Dzanja lako lisakhudze khoma langa. Anthu angakudye wamoyo, chitsiru iwe."

Anaugwira mwalawo, n'kuutembenuza, n'kudandaula kuti ngakhale kusankha mwala sindidziwa. Ndi dzanja linalo anasisita bolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, ngati akusisita msana wa mwana. Atatero anakanikiza mwala pakona n'kukoka. Phokoso lake linandilowa m'mano. Sanaime. Anapala mzere ndi mzere, mosamala ngati mmene anakulungizira, kuwala kuja kukugwa pansi ngati gaga. Akazi opita kumadzi anamva phokosolo n'kudzasuzumira pazenera. A Wedam anafika akuthamanga, n'kungovula chipewa pakhomo.

A Kapuri atamaliza, bolodi linali lotuwa, lonyansa, ngati khoma la mkazi waulesi. Zala zawo zinali zitasupuka. Analanda choko m'manja mwa aphunzitsi n'kundipatsa ine.

"Lemba tione."

Ndinakoka mzere. Unatuluka woyera bwinobwino, ndipo pazenera wina anayamba nthungululu. A Kapuri anamuyang'ana kamodzi, mayiyo n'kusiya.

Woyendera sukulu anabwera, anagwedeza chitseko, analemba pabolodi, n'kuvomereza, osadziwa chilichonse. Sikisi ndinaphunzira m'chipinda chimenecho, pakati pa ng'ona ndi nsato. Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi m'mawa uja, tikutuluka awiri ndi a Kapuri. Anandisenzetsa mtsuko wopanda madzi uja, maso awo ali ofiira, akuyang'ana kumbali kuti ndisaone. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuwakonda, ndipo sindinawauzepo mpaka anamwalira.

"Khoma langa lapita," anatero. "Tsopano iwe ukalephere mayeso, udzandidziwa."