Dalitso la Mwini

Abusa anali atafika pa Yakobo pamene Mzime anagwetsa kapu.

"Pepani," anatero, n'kugwada kutola zidutswa pansi pa tebulo. Sanafulumire kudzuka. Pansipo ankayang'ana nsapato za mkulu wake, zidendene zodyeka mbali imodzi, msoko utayasama. Bambo awo, amene anasoka nsapato zaka makumi anayi, akanamuvula munthu ali chiimire.

Linali tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda bambowo. Olira anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. Pabalaza panatsala mayi, abusa, Mzime ndi mkulu wake, amene aliyense ankangomutchula kuti Dalaivala. Chikwama chake chinali kale pakhomo, chifukwa lole ya kuntchito kwake inkanyamuka masana omwewo.

"Ndimati," abusa anapitiriza, "malemu bambo anu aphunzitsa kalasi ya makolo akale zaka zambirimbiri. Ankati chipulumutso chinayenda ngati ndowa pozimitsa moto, uyu kupatsira uyu. Abrahamu analandira lonjezo. Anapatsira Isake, mwana amene anagona pa nkhuni koma nkhosa n'kufa m'malo mwake. Isake anapatsira Yakobo, mpaka ndowayo inakafika kwa Khristu. Ndipo ankakonda kunena kuti manja ena amene inadutsamo anali akuda bii, koma madzi sanatayike. Tsono asiyira pamene Yakobo anavala zovala za mkulu wake n'kulanda dalitso. Ndani wa inu adzamalize phunziroli Lamlungu?"

Dalaivala anaseka chiseko chopanda mano.

"Abusa, ine musavutike nane. Phunziro limenelo ndinalimaliza ndi thupi. M'nyumba muno Esau ndine."

"Iwe, pali alendo," anatero mayi.

"Ndikunama, amayi? Bambo anandiuza okha kuti ukasiya shopu n'kukakwera malole, usadzapondenso pano. Zaka zisanu ndi zinayi zatha, ndipo mawu awowo apita nawo m'manda. Ine pofika, bokosi atakhoma kale."

"Esau naye anadzakumbatira mng'ono wake," abusa anayesa kuzimitsa.

"Anam'kumbatira, eya. Nanga dalitso linabwerera?"

Dalaivala anasuzumira pansi pa tebulo.

"Iwe, tuluka m'menemo. Unali nawo kuchipatala. Ananditchulako? Ngakhale kunditukwana kokha?"

Mzime anadzuka, zidutswa zili m'manja. "Anali ofooka kwambiri, achimwene."

Linali bodza lamkunkhuniza. Masana a tsiku lomaliza lija kunkagwa mvula yozizira, ndiye Mzime popita kuchipatala anatenga jekete lachikopa limene Dalaivala analisiya pamsomali kuseri kwa chitseko. Atalowa mu wodi, mayi anatuluka kukasaka namwino. Bambo awo, amene matenda a shuga anawadya maso zaka zitatu zapitazo, anapapasa mkono wa jeketelo n'kupeza chigamba chimene anasoka okha kalekale.

"Chisamba changa, wabwera?" anafunsa.

Mzime anayasama, koma mawu anakana. Bambowo anamuika dzanja pamutu n'kulankhula nthawi yaitali. Dzuwa lisanalowe anali atatsamaya.

Tinene zoona, Mzime inamugwira nsanje, nsanje yowawa ngati ndulu. Iyeyo ndi amene anatsala. Ankatsegula shopu, kuwatsogolera bambowo kutchalitchi, kuwawerengera Malemba, kuwameta ndevu. Pamaso pake sanamvepo ngakhale kamodzi kuti wachita bwino. Ankangomva zoti msoko uwu wakhota, phwasula. Lero pakamwa pouma paja patuluke uchi, uchiwo n'kukhala wa mwini jekete? Iyayi, anaganiza Mzime, asaulawe.

Dalaivala anayang'ana wotchi, n'kuimirira. Anagwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, ndapita. Ndizikuimbirani foni."

"Udzabwera liti?"

"Ndidzabwerere chiyani? Mwini nyumba anandithamangitsa, ndipo woti n'kundiitananso kulibe."

Mayi anagwira mpango kukamwa. Abusa anati tipemphere kaye, koma munthu anali atanyamula kale chikwama. Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zinamuopsa Mzime kuposa chikanamenyetsedwa. Wochoka mokalipa amabwerera.

"Mperekeze m'bale wako," anatero mayi osamuyang'ana.

Anamupeza pakhonde la shopu, kumaso kwa nyumba, ataima kuyang'ana loko wa pachitseko.

"Achimwene."

"Bwerera, njira ndikuidziwa."

"Anakutchulani."

Dalaivala anatembenuka. Mzime anafotokoza zonse, za mvula, za jekete, za chigamba, maso ali pa simenti. Asanamalize, kolala ya malaya ake inali kale m'nkhonya mwa mkulu wake.

"Masiku atatu! Ndikugona nawe chipinda chimodzi, ukundimva ndikusisima, iwe uli duu?"

"Ndinachita nsanje."

"Mbava iwe!"

"Eya, ndine mbava. Ndimenyeni, koma mumve kaye. Mawuwo akundilemera, si anga."

Nkhonya inamasuka. Dalaivala anakhala pa benchi imene makasitomala amadikirirapo nsapato zawo. Anapuma ngati wathamanga mtunda.

"Nena. Usachotse, usawonjeze."

"Anayamba n'kundigwira pamutu."

Dalaivala anayang'ana kumsewu. Kunkadutsa mayi wina ndi mwana kumsana, ndi wanjinga atanyamula matabwa. Anavula chipewa n'kuwerama.

Mzime anamuika dzanja pamutu, pamene tsitsi linali litayamba kale kuthawa. Mawu anatuluka okha, mmene anawamvera.

"Chisamba changa, tsiku lija pakamwa panathamanga, mtima unatsalira. Ndikhululukire. Nyumba ija ndi kwanu, ulowe osagogoda. Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo akuyendere m'misewu yako yonse, azikubweza kwa mayi ako uli wamoyo."

Mapewa a Dalaivala anayamba kugwedezeka. Bambo wamkulu wandevu zake, kulira ngati mwana wotayika pamsika!

"Basi?"

"Zinazo n'zosafunika."

"Ndati usachotse."

Mzime anapukuta mphuno ndi mkono. "Anati, mng'ono wako ndi amene wandinyamula zaka zonsezi. Amasoka kundiposa ine, ndinadziwa kalekale. Pamaso pake lilime limandilemera, ndiye ukamuuze ndiwe." Anayang'ana mkulu wake. "Mwaona? Ngakhale zanga zomwe anakapereka kwa inu."

Dalaivala anakweza mkono kuti achotse dzanjalo pamutu pake, koma atalikhudza sanalisiye. Analitsitsa n'kulitembenuza. Chikhatho chinali chokhakhala, ndipo pa chala chamkombaphala panali mzera wakuya wakuda, umene ulusi wa phula umadya munthu akaukoka tsiku ndi tsiku.

"Pamene dzanja lina la bambo linali pamutu pako, linalo linali kuti?"

"Linagwira langa."

"Ili?"

"Lomweli. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankandisisita apa ndi chala chachikulu."

Dalaivala anatambasula chikhatho chake n'kuchiika pambali pa cha mng'ono wake. Zala zake zinali zosalala, zopanda ndi kamzera komwe. Anaseka misozi ili chuchuchu.

"Koma ndiwe chitsiru, mng'ono wanga. Mdala uja, wodziwa chikopa pongochikhudza, angasokoneze dzanja la ulusi ndi dzanja la chiwongolero?"

Mzime anayang'ana manja awiriwo nthawi yaitali. Kenako anakhala pa benchi pambali pa mkulu wake. Anaika chala chachikulu mumzera uja n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera, monga mmene bambo awo anachitira.