Mwamuna Wobwereka wa Amake Ida

Chaka chomwe ufa unkagulidwa pamzere, ndinali loya wa boma wothandiza osauka, ndipo mlandu wa Philomena Mwaba unagwera patebulo panga. Mayiyu ntchito inamuthera fakitale ya nsalu itatsekedwa. Tsiku lina anakhomera m'nyumba mwana wake Ida, wa zaka zisanu, n'kupita kukaima pamzere wa ufa tsiku lonse. A welofeya anapeza mwanayo akulira pawindo, ndipo khoti laling'ono linalamula kuti akasungidwe kunyumba ya ana. Tinachita apilo. Woweruza wa khoti lalikulu anati asanagamule, wa welofeya akaonenso nyumbayo Lachinayi masana.

Tsikulo ndinalawirira ku Chawama, komwe Philomena ankakhala, ndipo nditalowa ndinangoti kukamwa yasa. Chipinda chomwe sabata yathayo chinali ndi mbaula ndi mphasa basi, tsopano chinali ndi masofa awiri osiyana mitundu, mawotchi atatu apakhoma, iliyonse ndi nthawi yake, ndi chifiriji chachikulu m'nyumba yopanda ngakhale waya wa magetsi. Pasofa panakhala bambo wonenepa wovala tayi, atapingasa miyendo.

"Aba ni bandani?" ndinafunsa.

"Ni bamuna banga," anatero Philomena, maso ali pansi.

"Si munaniuza ati bamuna banu banathabila ku Kitwe kudala?"

Bamboyo anadzuka n'kundipatsa moni wa manja awiri. "Ba loya, ndine Lazarous, neba. Banibweleka chabe mpaka sikisitini awazi, folo koloko. Pambuyo pake nifunika ku nyumba."

Pawindo panasuzumira mkazi wake weniweni, dzina lake Ennie. "Iwe Lazarous, tinapangana vonkhala chabe pa sofa. Ukamugwila olo pa phewa, uzaniona!"

Ine ndinakulira ku Matero, komboni ngati yomweyi, zimenezi si zachilendo kwa ine. Kukamabwera alendo olemekezeka, sofa imayenda pamutu kuchoka khomo lina kupita lina, ndipo palibe amazitcha bodza. Koma khoti si apongozi. Loya akadziwa kuti chinthu n'chabodza, saloledwa kuchisiya chikafike kwa woweruza, ngakhale chitavala tayi. Kukanena kwa a welofeya sindikanathanso, pakuti chinsinsi cha munthu amene ukumuimira sichituluka pakamwa pako. Njira inatsala imodzi.

"Vonse ivi vichoke manje manje. Na ba Lazarous bachoke."

"Ba loya, muli mbali yanga olo ya boma?" Philomena anayamba kulira. "Paja banalemba ati nyumba ilibe kanthu. Bakapeza futi ilibe kanthu, Ida sazabwela."

Mawuwo anandilasa mumtima, chifukwa mwina ankanena zoona. "Siningakulonjezeni kuti tizawina," ndinatero. "Koma boza ikagwiliwa, mwana mwamutaya."

Maneba anayamba kutulutsa katundu akung'ung'udza kuti maloya ndi anthu opanda chisoni. Masofa anatuluka, mawotchi anatuluka, koma chifiriji chinakanirira pakhomo. Mmene chinalowera palibe ankakumbuka. Lazarous ankakankha ali m'kati, thukuta lili kamukamu, amayi anayi akukoka ali panja, ine loya wophunzira nditagwira chitseko chake kuti chisatseguke. Wa welofeya, Mayi Virginia Kapembwa, anatipeza tili choncho.

"Mukukuka?" anafunsa, poganiza kuti tikusamuka.

Onse anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana Philomena, pakuti nkhaniyo mwini wake analipo. Philomena anapukuta misozi ndi chitenje n'kuulula zonse, mpaka za mwamuna wobwereka, yemwe anapereka moni ali kuseri kwa firiji.

Mayi Kapembwa sanaseke. Anayang'ana khamu lonselo. "Imwe bonse munanyamula filiji pamutu chifukwa cha uyu mwana. Nanga siku ija anali eka mu nyumba, munali kuti?"

Ngakhale Ennie, amene pakamwa pake sipapuma, anaweramitsa mutu.

"Tinali pa laini ya unga naise," anatero Ennie pomaliza. "Koma lembani. Bamake Ida bakachoka, mwana azankhala kwanga pa Mande na pa Chibili."

Wina anatenga Lachitatu, wina Lachinayi, mpaka amayi awiri anatsala pang'ono kumenyana polimbirana Loweruka. Mayi Kapembwa analemba mayina onse, ndipo ine ndinawatengera anthuwo kukhoti kukalumbira. Patatha milungu itatu woweruza analamula kuti Ida abwerere kwa mayi wake.

Ndinamuperekeza Philomena kukamutenga. Ida anatuluka pageti atanyamula kapulasitiki ka zovala, koma sanathamange. Anaima patali pang'ono.

"Amami, simuzanikhomela futi?"

Philomena anagwada, namubereka mwana wamkulukuluyo miyendo ili lendelende, n'kuyenda naye choncho mpaka pokwerera minibasi.