Galimoto Inatitimira Panjira ya ku Khola la Ngamila

A Khalidi anakhala ku Doha zaka zambiri osaona chipululu. Anali mlonda pa nyumba ina ya maofesi ku Al Mirqab, ndipo dzikolo ankalidziwira pa zitseko zagalasi: anthu a masuti kulowa, kutuluka, madzulo basi ya kampani n'kuwatenga kupita kogona. Kontirakiti yawo itatsala pang'ono kutha, tikiti yobwerera ku Ntaja itadulidwa kale, anayamba kumuvutitsa Issa, mwana wa mlongo wawo, kuti awatengereko kumchenga.

Issa anali dalaivala wa banja lina la eni dziko ku Al Thumama. Kupatula kutenga ana ndi amayi a pakhomopo, nthawi zina ankatumidwa kumwera, kumene abwana ake anali ndi khola la ngamila. Ankakasiyako madzi akumwa, chakudya cha ziweto ndi mpunga wa m'busa wa ngamilazo, bambo wa ku Sudan dzina lake Suleman.

Lachinayi lina kumapeto kwa Julaye kunagwa mvula. Ku Doha mvula ikafuna kubwera imabwera m'miyezi yozizira, choncho ya nyengo yotenthayi inali yachilendo moti anthu anatuluka m'maofesi kukaijambula pa mafoni. A Khalidi anaima panja, yunifolomu ikunyowa, akununkhiza m'mwamba. Ankayembekezera fungo la dothi la chizimalupsa, koma kunkangomveka phula lotentha. Anaimbira Issa.

"Iwe, kukhola kuja ukupita liti?"

"Abwana anena kuti Lamlungu, amalume. Akuti kuyambe kwauma."

"Lamlungu ndili pa shifiti. Mawa ndiye ndili ofu. Komanso mvula yagwayi kukhala kozizirira bwino. Ine ndine mlimi, ndikufuna ndikaone kuti nthaka ya kuno ikamwa madzi imatani."

Issa sankatha kuwakanira. Ndi iwowo amene anamulera bambo ake atamwalira, ndi iwonso anamupezera njira yobwerera kuno. Anapita kukapempha kwa abwana ake. Iwo anamuyang'ana kanthawi, kenako anati apite, koma adzere njira ya kumtunda yokha, ya miyala ija, asatsikire kuchigwa.

Ananyamuka m'mawa atangoswali, poganiza kuti swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu masana, iwapeza atabwerera. Atasiya msewu wa tala, Issa anaima n'kuphwetsako matayala. Apo m'pamene a Khalidi anatsika koyamba, ndipo anadabwa. Kunja sikunali kozizira. Mpweya unali wolemera, wonyowa, ngati wa m'bafa munthu atangotha kusamba madzi otentha. Malaya anawamatirira kumsana asanayende n'komwe.

"Kwathu ikagwa chonchi kumakhala kamphepo," iwo anatero.

"Kuno dzuwa limangoiphika, amalume. Lowani."

Anayenda mtunda wautali pakati pa milu ya mchenga. A Khalidi ankayang'ana uku ndi uku. Kenako kumanzere kunatseguka chigwa chachikulu, chosalala ngati bwalo la mpira, choyera mbee. Patali pakati pake panali madzi akunyezimira, ndipo panali tizinthu takuda tomwe tinkaoneka ngati mbalame.

"Dambo ilo," a Khalidi anatero, mawu awo atasintha. "Tandifikitsa pafupi. Pang'ono pokha."

"Abwana anakaniza kumeneko."

"Si ukuona wekha kuti pauma? Mpaka pang'aluka. Onanso, ena anadutsapo."

Zoonadi, panali mikwasa ya matayala yolowera m'chigwamo. Issa sanadzifunse kuti inali ya liti. Anakhotetsa chiwongolero.

Poyamba galimoto inkayenda bwino kuposa pamiyala paja. Kenako Issa anamva chiwongolero chikulemera. Anaponda moto, kumbuyo kunagwedezeka, ndipo galimoto yonse inakhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa. Atatsegula chitseko anapeza kuti chikukhula nthaka.

Pamwamba panali chikhungwa chouma, chopyapyala ngati chigoba cha dzira. Pansi pake panali matope otuwa, oterera, onunkha ngati mazira owola. Issa anatenga fosholo n'kuyamba kukumba kutsogolo kwa tayala. Akachotsa matope, dzenje linkadzaza madzi. A Khalidi anavula nsapato, anagwada mbali inayo n'kumakumba ndi manja. Anatapa pang'ono ndi chala, analawa, n'kulavula.

"Mchere wokhawokha. Apa ngakhale nsenjere sizingamere."

"Amalume, lowani m'galimoto. Inu muli ndi shuga."

"Ndakulowetsa muno ndine. Ndikhale pansi iwe ukukumba?"

Anakumba mpaka dzuwa linakwera. Thukuta linkatuluka koma silinkauma, ndiye thupi silinkazizira. Pansi poyerapo pankabweza kuwala m'maso. Madzi akumwa anali nawo ambiri, aja ankapita nawo kukhola, koma ngakhale amwe bwanji ludzu silinkatha. Issa anaika makapeti a m'galimoto pansi pa matayala n'kuyesanso. Matayala anameza makapetiwo, galimoto n'kulowereranso pansi.

Foni inalibe netiweki. Issa anauza amalume ake kuti akhale mkati, makina oziziritsa akuyenda, ndipo iye anayenda wapansi kubwerera kumene anachokera, mapazi akubooleza chikhungwa chija, mpaka anakwera mulu wina wa mchenga. Pamwamba pake foni inagwira. Anaimbira Suleman n'kumufotokozera m'Chiarabu chake chothyokathyoka. Suleman anangofunsa funso limodzi, ngati ali ndi madzi, kenako anadula.

Pobwerera anapeza a Khalidi atatulukanso. Anali atakhala m'matope, atatsamira tayala, fosholo ili pamiyendo. Nkhope yawo inali youma gwa, yotentha.

"Amalume!"

Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Raihana," anatero, kutchula dzina la mlongo wawo, mayi ake a Issa. "Mbewu ija waibisa kuti? Anzathu adzala kale."

Issa anawagwira m'mapewa. Anawakokera pampando wakumbuyo, anawavula malaya, n'kuyamba kuwathira madzi m'mutu, m'khosi, m'khwapa. Ankawapemerera ndi katoni kwinaku akuwayankhulitsa, kuwafunsa mayina a ana awo, dzina la shehe wa kumudzi, chilichonse chomwe chinabwera m'mutu. Mumtima ankangoganiza kuti akawauza chiyani amayi ake. Patapita nthawi a Khalidi anayamba kunjenjemera, kenako anapempha madzi ndi mawu awo enieni.

Suleman anafika ndi pikapu yakale, koma anaimika kutali, pamiyala, n'kubwera wapansi atanyamula nsapato m'manja. Anazungulira galimotoyo, anapukusa mutu, ndipo anati lero siituluka, mawanso ayi. Aliyense wobwera kudzaikoka atitimira nayo limodzi. Anafotokoza, uku akuloza ndi ndodo, kuti pansi pa chigwacho pamakhala madzi amchere chaka chonse. Mvula ikagwa amakwera, dzuwa la nyengo ino n'kuumitsa pamwamba pokha tsiku limodzi, munthu n'kumaona ngati msewu. Ngamila zake, anatero, zikafika m'mphepete mwake zimakana zokha.

"Yala, tiyeni," anatero, n'kuwagwira a Khalidi mkono wina, Issa winawo.

Pikapu ija inawafikitsa kuchipatala, kumene a Khalidi anawaika madiripi n'kuwagoneka. Issa anakhala pambali pa bedi, matope atauma n'kuyera m'miyendo. Anali ataimbira kale abwana ake. Iwo anafunsa kaye za mkuluyo, kenako anangodula foni, ndipo zimenezo zinamupweteka Issa kuposa kukalipiridwa.

"Ndakulakwira," a Khalidi anatero atatsitsimuka.

"Chiwongolero chinali m'manja mwanga, amalume."

"Ayi, tamvera. Moyo wanga wonse, mvula ikagwa ndimadziwa chochita. Thupi limangonyamuka lokha, kufuna khasu. Dzulo lija nditaiona ndinaiwala kuti ndili kwa eni. Ndimaganiza kuti mvula ndi imodzi kulikonse." Anayang'ana botolo la diripi. "Zaka zonsezi ndakhala pano, dziko lino sindinalifunsepo kanthu. Ndimangolondera chitseko."

Issa anayang'ana matope a m'miyendo mwake. Nayenso anali atadutsa m'mphepete mwa chigwa chija kambirimbiri, osafunsa Suleman chifukwa chimene njira imachizungulira.

Galimoto inakhala m'matopemo pafupifupi sabata. Inatuluka ndi thirakitala ndi zingwe zazitali zolumikiza, Suleman akulondolera. Abwana sanamuchotse ntchito Issa. Anangomuuza kuti mchere ukakhala kunsi kwa galimoto umadya chitsulo, choncho aitsuke yekha mpaka iyere, ndipo asatuluke pageti asanamalize. Za kukhola anapatsa dalaivala wina.

Tsiku lotsuka linali lomwelo limene a Khalidi ankanyamuka. Issa anali chagada pansi pa galimoto, paipi ili m'manja, madzi amatope akumugwera kumaso, pamene foni inalira. Anaipukuta pa malaya n'kuyankha.

"Tikulowa m'ndege tsopano," a Khalidi anatero. "Ndimayesa ubwera."

"Sindinathe, amalume. Mukawapatse moni amayi."

"Ndikawauze za kuja?"

Issa anaganiza kaye. "Mukawauze. Koma muyambe mwadya, mwapuma, akuoneni kuti muli bwino."

Anamva amalume ake akuseka, kenako mawu a mkazi akuitana anthu pa chimkuzamawu, foni n'kuduka. Anaiika pa njerwa pouma, anatsegulanso madzi, n'kupitiriza ndi tayala lakumbuyo.