Tiyi wa Lolemba

Pakampani ina yosindikiza mabuku panali lamulo limodzi lomwe ngakhale abwana sankaliphwanya: wokhala kumchira pa ligi ya pafoni aphikire anzake onse tiyi Lolemba m'mawa. Aliyense ankasankha pafoni pake osewera mpira enieni, n'kuika mmodzi kukhala kaputeni, ndipo osewerawo akachita bwino kumapeto kwa sabata, mwini timu ankakolola mapointi. Woyendetsa ligiyo anali mayi wosoka mabuku, yemwe onse ankangomutcha Refa, poti mkangano uliwonse unkathera patebulo lake, pakati pa ulusi ndi guluu.

Pa anthu asanu ndi anayi, mmodzi yekha anali asanagwirepo ketulo: a Kochi, mkulu woyendetsa makina aakulu. Matama ake osanena. "Ketulo imeneyo ine ndimangoionera patali ngati apongozi," ankatero, akupukuta inki m'manja.

Kenaka sitiroko inawagwetsa pafupi ndi makina awo omwewo. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lolemera, mawu akutuluka movutikira, ndipo anadzitsekera kuchipinda. Anzawo akapita kukawazonda ankangomwa madzi pabalaza, n'kuuzidwa kuti agona. Timu yawo pafoni inakhala chikhalire, kaputeni wake ali wosewera yemwe anathyoka mwendo kalekale. Inatsetsereka mpaka pansi penipeni. Palibe amene anatchula za lamulo lija. Lolemba likafika, wachiwiri kuchokera kumchira ankangodzuka mwakachetechete n'kukateleka madzi, Refa nayenso n'kumadumpha dzina lija polengeza zotsatira pagulu lawo la pafoni.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachisanu masana, akazi a a Kochi anabwera n'kuika kiyi wa lokala, kabati ya amuna awo ya kuntchito, patebulo la Refa.

"Akuti mupatse wina."

"Nanga akupeza bwanji, mayi?"

"Adokotala akuti aziyenda, azigwira zinthu ndi dzanja lomwelo. Koma munthu wake safuna. Aliyense amalankhula nawo ngati mwana wakhanda, ndi ine ndemwe." Anapumira m'mwamba. "Foni yokha ndiyo amaigwira. Zotsatira zikatuluka amawerenga zimene mwalemba, kenako amaivundikira pabedi n'kuyang'ana kukhoma."

Refa anachita manyazi. Iye ankati akuchita chifundo, chonsecho anali atawaika a Kochi m'manda akupuma. Munthu amene kale ankasereula aliyense tsopano panalibe womusereula.

Masewero atatha Lamulungu madzulo, Refa anakhala pamphepete pa bedi lake, kulemba, kufufuta, kulembanso. Potsiriza anatumiza: "Wakumchira sabata ino ndi a Kochi, mapointi 19. Ketulo ikudikira mawa 8 koloko. Lamulo silidwala."

Foni inalira nthawi yomweyo. Anali Dalaiva, woyendetsa galimoto ya kampaniyo, amene anaphika tiyi masabata atatu otsatizana m'malo mwa a Kochi.

"A Refa, mutu wanu ukugwira? Munthu sangathe kunyamula ngakhale supuni! Fufutani zimenezo asanawerenge."

"Awerenga kale."

"Ndiye ayankha kuti chiyani?"

"Sanayankhe."

Mantha anamugwira Refa ndithu. Akakhala kuti walakwitsa, ndiye kuti wathira mchere pachilonda cha munthu amene anamuphunzitsa ntchito zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndipo chitseko cha kuchipinda chija sichidzatsegukanso.

Lolemba palibe amene anampatsa moni. Makapu anali ndandanda pashelefu, ketulo ili zii. Inakwana 8 koloko. Inapitirira. Dalaiva anaimirira kuti akateleke madzi, koma Refa anangoti, "Khalani pansi, achimwene," maso ali pabuku lomwe ankasoka, ngakhale singano inali itamulasa kale kawiri.

Itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, panamveka ndodo pamasitepe, go, go, pang'onopang'ono. A Kochi analowa atavala shati yosita, akazi awo ali pambuyo ndi nkhope ya munthu amene wagonja pamkangano. Sanapereke moni kwa aliyense. Anamuyang'ana Refa moopseza, n'kulunjika kukakhitchini ka pakampanipo.

Inatenga nthawi ntchitoyo. Chivundikiro cha ketulo chinagwa pansi kawiri. Madzi anatayikira patebulo mpaka kudonthera pansapato. Dalaiva anafuna kuthamangira komweko, Refa anamuponda phazi. Akazi a a Kochi anagwira chitseko mwamphamvu, koma sanasunthe. Pothira shuga, a Kochi ananyamula dzanja lolemera lija ndi lamanzere, kuliika pasupuni, n'kutakasa nalo kapu iliyonse.

Onse anamwa, aliyense akuyang'ana m'kapu mwake ngati ali pamaliro. Tiyiyo anali woipa, kunena zoona: masamba ochepa, shuga ngati wa mwana. Refa anamugwedeza Dalaiva ndi chigongono. Dalaiva anaika kapu yake patebulo n'kuwayang'ana a Kochi.

"A Kochi, zaka zonsezi mumathawa ketulo, kani ndi chifukwa chake chimenechi? Uyu ndi tiyi kapena madzi otsukira makapu?"

Mapewa a a Kochi anayamba kugwedezeka, pakamwa patapotokera mbali imodzi, ndipo chiseko chinaphulika m'chipinda monse. Refa anatembenukira kushelefu, poti misozi inali itamupereka.

A Kochi anatulutsa foni n'kuiika pamphuno pa Dalaiva. Kaputeni wothyoka mwendo uja anali atachotsedwa, osewera atatu atsopano atalowa.

"Sabata... yamawa," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi, "ndi iwe."

Potuluka anaima patebulo la Refa, pomwe kiyi wa lokala anali adakali pambali pa guluu. Anamutola ndi dzanja lamanja. Kiyiyo anagwa. Anamutolanso, n'kumuika m'thumba la shati.