Samani ya Apongozi a Dailesi

Linali Lachitatu pamene Dailesi anandiuza nkhaniyi, atakhala pa thumba la mchere mushopu mwanga ku Lufita. Ine ndine wa ku Balaka, kuno ndinabwerera malonda. Iye ndinkangomudziwa ngati wogula sopo.

Mwamuna wake anamwalira ku Nthalire chaka chatha. Maliro atatha, apongozi ake aamuna anamuuza kuti abwerere kwawo ku Kaseye, koma mwana, Chisomo, atsale chifukwa ng'ombe za malowolo zinaperekedwa. Mwanayo anali asanayambe ndi sukulu yomwe.

Dailesi anapita yekha kukhoti, wopanda loya. Kalaliki anamulembera samani, n'kumuuza kuti zinthu zinasintha. Kale mesenjala ndiye ankapititsa samani. Tsopano wodandaula apereke yekha m'manja mwa womusumirayo, kapena atume munthu wamkulu amene adzabwere kudzachitira umboni. Apo ayi, mlandu sulowa.

Anakwera njinga yamoto mpaka ku Nthalire. Anawapeza apongoziwo atakhala pakhonde, Chisomo akusewera pamapazi awo. Dailesi anaima kuseri kwa nkhokwe. Kwawoko mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzipo, sayandikira apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, ngakhale dzina lawo salitchula. Zaka zonse za ukwati wake, akamva akutsokomola m'njira, ankapatukira m'chimanga.

Akuti anaima pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Anthu ankadutsa, onse abale a malemu, palibe anamufunsa chimene wadzera. Chisomo sanawaone mayi ake. Anabwerera samani ili pachifuwa.

Ndinamufunsa ngati alibe mlongo woti atume. Anati mlongo wake ali ku Tunduma, foni yake sigwira. Mayi ake miyendo inafa.

"Ndiye mungowapatsa basi, mama. Si apongozi anunso, mwamuna anapita," ndinatero.

Anapukusa mutu. "Miyendo inakana, amama. Ndinaiuza, inakana."

Anatulutsa samani ija, itafewa ndi thukuta, n'kuiwongola pabondo. Sanandipemphe kanthu. Anagula sopo mmodzi, nati yewo, n'kudzuka.

Ine ku Nthalire sindinafikeko, ndipo mkuluyo kwa ine ndi munthu wamba. Ndinamuitana Dailesi ali pakhomo, ndinamufunsa mtundu wa chitseko cha nyumba ya apongozi akewo. Anati chobiriwira, pafupi ndi mjigo. Ndinamuuza kuti andisiyire samani ija.

M'mawa mwake sindinatsegule shopu. Ndinamanga samani ija m'chitenje, ndinapita kukafuna njinga yamoto.