Diresi Lakuda la Lufina

1.
Lasuluka.
Linayamba m'mapewa, kenako msana wonse, pomwe dzuwa la ku Chinsapo limamuwomba Lufina akamagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Analivekedwa ndi azilamu ake tsiku loika maliro a mwamuna wake, Waisoni. Chaka chathunthu, diresi limodzi. Lero likuoneka ngati katondo.

2.
Lamulungu kunabwera a Enelesi, mlongo wake wa malemu.
Loweruka mubwere ku Mitundu, tikakuvuleni zakuda.
Zikomo alamu.
Koma alamu, zakuda zake ziti? Izi? Anatsina nsalu ya paphewa ndi zala ziwiri ngati akutola khoswe wakufa. Achimwene athu mwawasukuluza msanga bwanji. Amayi akakaziona izi akanena kuti muyambirenso chaka china, ine musadzandide.
Chaka china.
Anthu akuona, alamu.

3.
A Kachala a pagolosale mkazi wawo atamwalira anabaya kansalu kakuda pathumba la shati, kochepa ngati tikiti ya basi. Masabata awiri. Lero pagolosalepo pamakhala mayi wina, amapaka milomo. Ndani anawatsina paphewa a Kachala? Ndani?

4.
Kachitini ka dayi.
Ndowa yachitsulo.
Mbaula.
Kamtengo kovundulira.
Majumbo awiri ovala m'manja.
Chitseko chokhoma.
Mukukanyika chiyani mayi? anafunsa bambo wogulitsa dayi mumsika.
Jinzi ya mchimwene wanga.
Bamboyo anayang'ana diresi, n'kupereka kachitini. Lufina ankafuna kufunsa kanyikidwe kake, koma miyendo inali itamunyamula kale.

5.
Iwe Lufina, unasiya liti kulira? Nena. Mwezi wachinayi, tsiku lija tomato anagubuduzika mumsewu kabaza atagunda benchi, iwe n'kuseka mpaka kugwira m'mimba, n'kubwera kunyumba n'kudya bwinobwino, n'kugona osatchula dzina lake, ndipo m'mawa mwake unafufuza chisoni m'chifuwa monga munthu amafufuzira kiyi m'chikwama, osachipeza, n'kuvalabe diresi lako n'kutuluka nkhope ili pansi kuti oona aone, koma diresilo silinafune kunama nawe, linayamba kunena pang'onopang'ono zimene iwe unkabisa.
Lasuluka.

6.
Lachisanu masana. Sanapite ku benchi. Mbaula anaikolezera m'nyumba, mawindo otseka, utsi uli tolo, ndipo poti lakuda analibe lina, anafunyulula chitenje cha maluwa chimene sanachikhudze chaka chonse n'kuchimanga m'chifuwa ngati wachiba. Madzi anawira. Anakhuthula kachitini konse. Diresi linamira, linatupa, linamiranso.
Gogogo.
Anansi, mukuphika chiyani chonunkha chonchi?
Ndi mankhwala a mphemvu!
Mutigaireko, zatikwana kuno.
Jumbo limodzi linabooka. Chala chachikulu chinada bii.

7.
Ife a pamdadada sitinaone kanthu. Mpopi ndi wa tonse, ngalande ndi ya tonse, chingwe choyanikira ndi cha tonse. Pampopi sanafikepo. M'ngalande simunadutse madzi akuda. Pachingwe panalibe diresi. Tinangoona mayi akuthamangira kuchimbudzi ndi ndowa yovindikira ndi thumba, kamodzi kokha.
Sanalitsukuluze. Akanalitsukuluzira kuti? Analifinya, n'kulikoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko, likudontha pa nyuzipepala.
Anthu akuona.

8.
Loweruka, minibasi ya ku Mitundu, anayi anayi pampando, kutentha kwa Okutobala. Diresi lili bii, m'misoko mukadali chinyezi. Thukuta linayamba asanadutse n'komwe pa Bunda.
Azibambo anali atakhala kale pamipando pansi pa mtengo wa mango. A Enelesi anamuchingamira, maso ali padiresi.
Eee alamu, mwagula latsopano?
Ndangolichapa bwino.
Sopo wake ameneyo mutiuze ndithu.

9.
Mwambo wake ndi wa azimayi okhaokha, kubafa la udzu kuseri kwa nyumba. Amamuvula wamasiye zakuda, amamusambitsa, amamuveka chitenje chatsopano, zakudazo n'kukazitentha. Womuvula anali a Nangozo, mayi ake a Waisoni, amene chiyambire sanamusekerepo Lufina.
Kwezani manja.
Diresi linadutsa pamutu.
Mapewa.
M'khwapa.
Pansi pa mabere.
Msana wonse.
Ntchafu, mizeremizere momwe munayenda thukuta.
Mayo! anakuwa a Enelesi. Amayi taonani, ndi matenda anji amenewa?
Lufina anafuna kudziphimba, koma manja ndi awiri okha. Anayang'ana miyala ya pansi, nyerere ikudutsa pakati pake, sopo ali pachigoba cha botolo.
Ndi dayi.
Chiyani?
Dayi, alamu. Ndanyika dzulo. Linasuluka.
Kumango kuja wina anaseka nkhani ya mpira. Lufina anaima chilili ali mbulanda, akudikira mawu awiri aja: chaka china.

10.
A Nangozo anaviika chinkhupule m'beseni.
Enelesi, kaone moto.
Koma amayi—
Ndati kaone moto.
Anayamba kukhula paphewa, mwamphamvu, ngati akutsuka mphika. Thovu linada. Khungu silinasinthe.
Simunathire mchere.
Amayi?
Mchere. Dzanja limodzi lodzaza, madzi akamawira. Mukatero mutsukuluze kanayi. Ine la abambo awo a Waisoni ndinanyika katatu, koyamba ndinada mpaka m'makutu. Azakhali awo a Enelesi ananyika. Amene akusonkha moto uko, onyamula madzi aja, onsewo. Nsalu ya mumsika iyi siitha chaka, mwananga. Palibe imene inathapo.
Lufina anatembenuka, madzi akuda akutsika m'miyendo. Manyazi amene anawasenza kuchokera ku Chinsapo anawamva akutentha, akukwera kukhosi, akusanduka chinthu china.
Ndiye nonsenu mumadziwa?
Timadziwa.
Nanga osandiuza bwanji? Chaka chonse ndikuyenda chozyolika ngati ndaba nkhuku, inu mukudziwa?
Ifenso sanatiuze.
A Nangozo anamupukuta, n'kumukulunga chitenje chatsopano, n'kuchikokera m'mwamba mpaka m'khosi.
Zichoka pakatha masabata awiri. Gwirani apa, azibambo asaone.
Lufina anayang'ana dzanja la apongozi ake lili pakhosi pake. Analichotsa pang'onopang'ono, mwaulemu. Anatsitsa chitenje n'kuchimanga m'chifuwa monga amamangira mkazi aliyense wochoka kosamba, n'kukankha kachitseko ka bafa.
Kumango kuja nkhani ya mpira inaduka.